Kodi pakati pa pulogalamu ya mapu ndi database pamafunika middleware? Mafunso ndi mayankho

Funso limeneli limabuka bungwe likatopa ndi mafayilo a mapu omwazikana m'makompyuta a anthu osiyanasiyana, n'kuganiza zosunga deta yonse pamalo amodzi. Wina amati popanda pulogalamu yapakati palibe chingayende. Wina amati zimenezo zinatha kalekale. Onse awiri akunena zoona, kungoti akukamba za nthawi zosiyana ndi ntchito zosiyana.

Kodi middleware n'chiyani pa nkhani ya mapu?

Ndi pulogalamu yokhala pakati pa pulogalamu yojambulira mapu, monga QGIS, ArcGIS Pro kapena MapInfo Pro, ndi database yosunga detayo, monga PostgreSQL, Oracle kapena SQL Server. Tinene kuti ndi mkhalapakati: pulogalamu ya mapu imamuuza zimene ikufuna, iye amakafunsa database, n'kubweza yankho.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Kuti pulogalamu ya mapu ifike ku database pamafunika driver, monga libpq ya PostgreSQL, Oracle Instant Client kapena ODBC driver ya SQL Server. Driver imakhala pa kompyuta yomweyo ya wojambula mapu ndipo siyenda payokha. Imeneyo si imene tikuikamba pano. Tikukamba za pulogalamu yoima payokha, yokhala ndi seva yake ndi port yake, imene ikagwa ntchito ya aliyense imaima ngakhale database ili bwinobwino.

Yankho lachidule ndi loti chiyani?

Ngati ogwiritsa ntchito detayo ndi antchito anu, ali pa netiweki yanu, ndipo akugwiritsa ntchito pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta, mkhalapakati sakufunika. Ngati mapuwo aziwonedwa pa browser kapena pa foni ndi anthu amene simungawapatse pasiwedi ya database, akufunika, ndipo palibe njira yomuzembera. Zotsalazo zili pakati pa mbali ziwirizi, ndipo zimadalira ntchito imene mukufuna kuti iye agwire. Ngati simungathe kuitchula ntchitoyo m'chiganizo chimodzi, musamuike.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amakhulupirira kuti ndi wofunika nthawi zonse?

Chifukwa panali nthawi imene zinalidi choncho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi zambiri database inkadziwa manambala, mawu ndi madeti basi. Ukaipatsa malire a chigawo kapena njira ya mtsinje, inkangozisunga ngati mtolo wa ma byte umene siinkatha kuona za m'kati mwake. Siinkatha kuyankha funso ngati lakuti "ndi misewu iti imene ikudutsa m'chigawo ichi?" Nzeru yonse yodziwa malo inkayenera kukhala kunja kwa database.

Esri, kampani yopanga ArcGIS, inatulutsa pulogalamu ya SDE mu 1995, imene pambuyo pake inadzatchedwa ArcSDE, kuti izigwira ntchito imeneyi.  MapInfo nayo inali ndi yake yotchedwa SpatialWare. Anthu anaphunzira GIS, ntchito ya mapu a pa kompyuta, nthawi imeneyo, analemba mabuku a malangizo, anaphunzitsa anzawo, ndipo maganizo akuti "deta ya malo imadutsa kaye pakati" anakhazikika.

Kenako ma database anaphunzira okha. Oracle 8i inabwera ndi SDO_GEOMETRY, mtundu wa deta wosungira malo, mu 1999. Refractions Research ya ku Victoria, m'dziko la Canada, inatulutsa PostGIS, chowonjezera chopatsa PostgreSQL luso losunga deta ya malo, mu 2001. SQL Server 2008 inabwera ndi mitundu iwiri ya deta, geometry ndi geography. Bungwe la OGC, loona za miyezo ya deta ya mapu, linali litakhazikitsa kale muyezo wa Simple Features, umene umalongosola mmene kadontho, mzere ndi polygon ziyenera kulembedwera, kaya ngati mawu a WKT kapena ma byte a WKB. Zitatere, ntchito yomasulira imene mkhalapakati ankagwira inatha mphamvu.

Esri yomweyo inatsatira njirayi. Inabweretsa direct connect, njira yolumikizira ku database mwachindunji, kenako mu ArcGIS 10.0 ya 2010 inabweretsa query layer, imene imawerenga tebulo la database ngakhale silinalembedwe mu geodatabase, dongosolo la Esri losungira deta ya mapu. Kuyambira ArcGIS 10.3, application server ya ArcSDE inasiya kutulutsidwa. Choncho munthu akakuuzani lero kuti muyenera kuika ArcSDE ngati pulogalamu yapayokha, akukamba za chinthu chimene eni ake anasiya.

Chimachitika n'chiyani QGIS ikalumikizidwa ku PostGIS mwachindunji?

Mumalemba dzina la seva, port 5432, dzina la database, dzina lanu ndi pasiwedi. QGIS imayang'ana mu geometry_columns kuti idziwe matebulo amene ali ndi kolamu ya geometry, mtundu wa geometry yake ndi SRID yake (nambala yosonyeza dongosolo la ma coordinate), n'kukuonetsani mndandanda. Mukasankha layer n'kuyandikiza mapu pamalo ena, QGIS sikoka tebulo lonse ayi. Imatumiza SELECT yonena kuti ikufuna zokhazo zimene zikukhudza bokosi limene likuoneka pa sikirini yanu, pogwiritsa ntchito chizindikiro cha &&. Database imayang'ana mu spatial index (kalozera wofulumizitsa kupeza zinthu potengera malo) ya mtundu wa GiST, imapeza marekodi oyenera, n'kuwabweza ngati WKB. Mukasuntha mapu, pempho lina limapita. Palibe wina pakati. Ndipotu Gary Sherman anayamba QGIS mu 2002 ngati pulogalamu yoonera deta ya mu PostGIS, ndiye kulumikizana kumeneku ndi kumene pulogalamuyi inabadwira.

Zikavuta, nthawi zambiri chosowa si middleware koma tinthu titatu. Tebulo liyenera kukhala ndi kolamu ya nambala yosabwereza, ndipo zimenezi zimavutitsa kwambiri pa ma view (mapempho osungidwa amene amaoneka ngati matebulo), chifukwa view ilibe primary key. SRID iyenera kukhala yolondola, apo ayi layer imakagwera kutali ndi inzake. Ndipo spatial index iyenera kukhalapo. Pa Oracle pali chowonjezera: tebulo liyenera kulembedwa mu USER_SDO_GEOM_METADATA musanapange index. MapInfo Pro nayo imafuna kuti tebulo lilembedwe mu MAPINFO_MAPCATALOG isanalijambule. Zimenezi zimakhala m'kati mwa database momwemo, si seva ina.

Ndi ntchito ziti zimene database ingagwire yokha?

Zambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. ST_Intersects imapeza zimene zikukhudzana, ST_DWithin imapeza zimene zili pamtunda wakuti, ST_Buffer imajambula dera lozungulira chinthu, ST_Transform imasintha deta kuchoka pa dongosolo lina la ma coordinate kupita pa lina. Mukhoza kuika CHECK yokana polygon iliyonse imene ST_IsValid yaipeza kuti yadzipingasa. Mukhoza kuika trigger yolemba dzina la amene wasintha rekodi ndi nthawi yake. GRANT imagawa amene angawerenge ndi amene angalembe, ndipo kuyambira PostgreSQL 9.5 mukhoza kuletsa munthu kuona marekodi ena m'tebulo lomwelo.

Pa mfundo iyi ine sindibwerera m'mbuyo: lamulo lililonse limene database ingathe kulisunga, lisungidwe mu database. Lamulo lokhala mwa mkhalapakati limagwira okhawo odutsira kwa iye. Tsiku lina wina adzalumikiza ndi psql kapena ndi script ya Python, ndipo lamulolo silidzamuona. Lamulo lokhala pa tebulo limagwira aliyense, kaya wabwera ndi QGIS, ndi ArcGIS Pro kapena ndi SQL yeniyeni.

Ndiye mkhalapakati amafunika pati?

Poyamba, pa mapu a pa intaneti. Leaflet, OpenLayers ndi MapLibre, zida zoonetsera mapu pa intaneti, zimayenda mu browser, ndipo browser imadziwa HTTP, sidziwa chilankhulo cha PostgreSQL kapena cha Oracle. Ngakhale ikanadziwa, pasiwedi yolembedwa mu JavaScript aliyense akhoza kuiwerenga. Kutsegula port ya database kuti aliyense wa pa intaneti aifike n'kuitana mavuto. Apa ndi pamene GeoServer, MapServer, QGIS Server kapena ArcGIS Server zimalowera: izo zokha ndi zimene zimadziwa pasiwedi ya database, ndipo kunja zimangopereka zimene mwalola.

Zimapereka m'njira zingapo. WMS, imene inatuluka mu 2000, imatumiza chithunzi cha mapu chojambulidwa kale. WFS ya 2002 imatumiza deta yeniyeniyo, ndipo WFS-T imalolanso kusintha. OGC API Features, imene gawo lake loyamba linatuluka mu 2019, imachita zofanana ndi WFS koma m'njira imene olemba mapulogalamu a pa intaneti anazolowera, yogwiritsa ntchito JSON. Palinso ma vector tile, tizidutswa ta mapu tonyamula deta osati chithunzi. Kuyambira PostGIS 2.4 ya 2017, database yokha imatha kupanga tile ndi ST_AsMVT, moti mapulogalamu ngati pg_tileserv ndi Martin ndi opepuka kwambiri: amangolandira pempho, n'kufunsa database, n'kubweza yankho. Taonani mmene mkhalapakati wachepera, koma sanachoke.

Chachiwiri, anthu akachuluka. PostgreSQL ikangoikidwa kumene imalola kulumikiza 100 nthawi imodzi, ndipo kulumikiza kulikonse kumadya memory. Pulogalamu ya mapu imodzi imatha kutsegula kangapo. Seva ya mapu imatsegula kochepa n'kumagawira anthu ambiri, ndipo PgBouncer imagwira ntchito yomweyo yokha popanda kudziwa kalikonse za mapu. Komanso ngati anthu masauzande akupempha chithunzi chimodzimodzi cha malo amodzimodzi, palibe chifukwa chofunsira database nthawi iliyonse. GeoWebCache kapena MapProxy zimasunga ma tile amene anajambulidwa kale.

Chachitatu, mukamagawana deta ndi bungwe lina. Kuwapatsa adiresi ya WFS n'kosavuta ndipo n'kotetezeka kusiyana ndi kuwatsegulira netiweki yanu, ndipo mawa mukasintha database iwo sadziwa n'komwe.

Tili ndi enterprise geodatabase ya Esri. Kodi tingaitsegule ndi QGIS kapena ndi SQL?

Apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa kuwerenga ndi kulemba ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Kuwerenga kumadalira mtundu wa geometry umene unasankhidwa posunga. Ngati deta inasungidwa ndi geometry ya PostGIS, SDO_GEOMETRY ya Oracle kapena geometry ya SQL Server, mapulogalamu ena amaiona. Ngati inasungidwa ndi ST_Geometry ya Esri, SQL imatha kuifunsa bola laibulale ya Esri iikidwe pa seva, koma mapulogalamu ena ambiri saizindikira mwachindunji. Chisankho chimenechi chimachitika tsiku loyamba, ndipo chimakutsatani kwa zaka. Ngati mukudziwa kuti mapulogalamu osiyanasiyana azidzawerenga detayo, sankhani mtundu wa database yomweyo.

Koma ngakhale muone tebulo, si nthawi zonse pamene mukuona zoona zake. Tengani layer ya mapaipi a madzi imene ili pa traditional versioning, njira ya Esri yosungira zosintha padera. Wojambula wachotsa paipi imodzi n'kuwonjezera ziwiri, wasunga, ndipo mu ArcGIS Pro zonse zikuoneka bwino. Inu mwatsegula tebulo lomwelo ndi SQL: paipi yochotsedwayo ikadalipo, ziwiri zatsopanozo kulibe. Palibe chimene chawonongeka. Zosinthazo zinapita m'matebulo awiri apambali, la A losunga zowonjezera ndi la D losunga zochotsedwa, ndipo zimalowa m'tebulo lalikulu pokhapokha compress, ntchito yozisamutsira kumeneko, ikachitika. Kuti muone zimene wojambulayo akuona, muyenera kuwerenga versioned view, imene dzina lake limathera ndi _evw. Malipoti ambiri olakwika amachokera pamenepa.

Kulemba ndiye koopsa. Topology, relationship class ndi malamulo ena a geodatabase amadziwika ndi mapulogalamu a Esri, database siwadziwa onse. Mukalemba m'tebulo lalikulu mwachindunji mukhoza kusokoneza ObjectID, nambala yozindikirira rekodi iliyonse, kapena kusiya marekodi opanda mnzake. Ndipo pa branch versioning, mtundu wina wa versioning umene utility network (dongosolo la Esri la mapaipi ndi mawaya) imadalira, kusintha kumadutsira mu feature service ya ArcGIS Enterprise. Ndiye kuti application server yakale inachoka, koma pa ntchito zimenezi mkhalapakati anabweranso, atavala zina. Musanagule, dziwani kuti mukusankhanso njira imene deta yanu izidzalowera ndi kutulukira.

Anthu angapo akamasintha layer imodzi nthawi imodzi, database yokha ingakwanitse?

Ngati kusinthako n'kwa nthawi yochepa, inde. Transaction imaonetsetsa kuti zosintha zalowa zonse kapena sizinalowe n'komwe. Anthu awiri akamasintha marekodi osiyana sagundana. Vuto limabwera akagwira rekodi imodzi: wosunga pomaliza amafufuta za mnzake, ndipo nthawi zambiri palibe chowachenjeza. M'magulu ang'onoang'ono kugawana madera kumathetsa zimenezi.

Kusintha kotenga milungu n'kwina. Ngati katswiri akukonza pulani ya mzere watsopano wa magetsi, imene ena sayenera kuiona isanavomerezedwe, simungasiye transaction yotseguka mwezi wathunthu. Pamafunika versioning, kaya ya Esri, kaya Workspace Manager ya Oracle, kaya matebulo ndi ma trigger opanga nokha. Si mabungwe onse amene amafunikadi zimenezi, ndipo ambiri amaziyatsa asanadzifunse.

Kodi mkhalapakati amachedwetsa zinthu?

Pempho lililonse limayenda ulendo wowonjezera, choncho pa netiweki ya mu ofesi kulumikiza mwachindunji kumafulumira. Koma pa mtunda wautali zimatembenuka. Pulogalamu ya mapu imatumiza timapempho tambirimbiri ndipo imakoka kadontho kalikonse ka geometry. Malire a gombe okhala ndi madontho mamiliyoni amadutsa onse mu waya, ngakhale pa sikirini akuoneka ngati kamzere. Seva ya mapu yokhala pafupi ndi database imangotumiza chithunzi kapena tile yochepetsedwa.

Mapu akamachedwa, yambani ndi database musanaganize zowonjezera seva. Onani ngati spatial index ilipo. Yendetsani EXPLAIN ANALYZE pa pempho lochedwalo kuti muone ngati index ikugwiritsidwadi ntchito. Onani ngati layer yodzaza kwambiri ikujambulidwa ngakhale mapu ali patali. ST_Simplify imachepetsa madontho a layer yongoonera, ndipo ST_Subdivide imaduladula ma polygon aakulu kuti index igwire bwino. Tebulo lopanda index limachedwabe ngakhale muike GeoServer patsogolo pake.

Nanga GDAL, ogr2ogr ndi FME?

Izi zimasamutsa deta, sizikhala pakati nthawi zonse. Mumatenga shapefile, ogr2ogr imailowetsa mu PostGIS, ntchito yatha. Ndi zofunika kwambiri posamuka, ndipo posamukapo muzipenda mayina a makolamu, chifukwa shapefile imadula dzina lililonse pa zilembo 10. GDAL imakhalanso m'kati mwa QGIS ndi MapServer ngati laibulale, koma pamenepo ili m'gulu la ma driver aja.

Antchito athu amatolera deta kumalo kopanda intaneti. Zikhala bwanji?

Kumeneko kulumikiza mwachindunji sikutheka. Deta imatengedwa pa foni kapena pa tabuleti, nthawi zambiri mu GeoPackage, muyezo wa OGC wa 2014 womangidwa pa SQLite. Kutolera si vuto. Vuto ndi kubweza: anthu awiri asintha chinthu chimodzi masiku osiyana, winanso wachichotsa ku ofesi. Pamafunika china choyerekeza zosinthazo n'kusonyeza pamene zagundana. QField ndi QFieldCloud, Mergin Maps, kapena feature service ya ArcGIS yokhala ndi sync zimagwira ntchito imeneyi. Uyu ndi mkhalapakati amene ntchito yake ndi yodziwika bwino, ndipo kuyesa kuigwira pamanja ndi kukopa mafayilo kumataya deta.

Ndi mavuto ati amene mkhalapakati amabweretsa?

Ndi seva inanso yofunika munthu woisamalira. Popeza ndi iye amene amaonekera kunja, ndi iyenso amene akuba amayamba kumuyesa. Mu 2024 panapezeka chibowo mu GeoServer, CVE-2024-36401, chimene chinkalola munthu wopanda pasiwedi kuyendetsa malamulo ake pa seva, ndipo akuba anachigwiritsadi ntchito pa maseva amene sanakonzedwe msanga. GeoServer imabweranso ndi dzina la admin ndi pasiwedi yodziwika kwa aliyense. Muisinthe tsiku lomwelo.

Lachiwiri ndi lobisika. Seva ya mapu imalowa mu database ndi akaunti imodzi. Ngati anthu makumi awiri akusintha deta kudzera mwa iyo, trigger yanu ija yolemba dzina la wosintha imalemba dzina limodzimodzi pa marekodi onse. Kudziwa amene anachita chiyani kumafuna kuti mkhalapakatiyo azilemba yekha, kapena azipereka dzinalo ku database.

Palinso nkhani ya ma coordinate. PostGIS imasunga longitude poyamba, latitude pambuyo. Koma WMS 1.3.0 pa EPSG:4326 imayamba ndi latitude, pomwe WMS 1.1.1 imayamba ndi longitude. Pulogalamu yopempha ikasokoneza ziwirizi, mumaona mapu opanda kanthu kapena deta itagwera mbali ina ya dziko, pamene mu database zonse zili bwino. Pomaliza, mukafuna kukweza database kupita pa version yatsopano, muyenera kudikira kaye kuti mkhalapakati aivomereze.

Kodi tiyenera kusankha njira imodzi yokha?

Ayi, ndipo mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri pa database imodzi. Ojambula mapu ndi openda deta amalowa mwachindunji, aliyense ndi akaunti yake ndi ufulu woyenera ntchito yake, ali pa netiweki ya bungwe kapena pa VPN. Anthu akunja, mapu a pa browser ndi mafoni amadutsira pa seva ya mapu. Sevayo muipatse akaunti yongowerenga, ndipo iziona ma view okhala ndi makolamu okhawo oyenera kutuluka, osati matebulo enieniwo. Owerenga akachuluka mpaka kuchedwetsa ojambula, pangani replica, kopi ya database yodzisintha yokha, n'kulozetsa seva ya mapu kumeneko.

Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi database ndi pulogalamu ya mapu zokha. Konzani ma primary key, ma SRID, ma index ndi ufulu wa akaunti iliyonse. Seva ya mapu mukhoza kudzaiwonjezera tsiku limene mudzafune kutulutsa mapu kunja, ndipo matebulo anu sadzafunika kusinthidwa.